Dzanja lomwe ndinataya pa msewu wa ku Chitakale

Loweruka. Chiperoni chatipanikiza tsiku lachitatu tsopano. M'mawa phiri la Mulanje silimaoneka n'komwe, Chambe yense atafunda nkhungu, ndipo zovala zomwe akunyumba anachapa Lachinayi zikadali zonyowa pachingwe cha pakhonde. Ndinapalasa njinga kukagula makala ndi usipa ku Chitakale. M'minda ya tiyi munali anthu ochepa odulira, atadzikulunga mapepala a pulasitiki.

Pamsika ndinakumana ndi amayi ake a mnzanga wakale amene anapita ku Joni. Akalamba, koma akugulitsabe nthochi pamalo omwe aja. Anandigwira mkono osafuna kuusiya. "Mwanawe, mnzako uja amakufunsatu. Munayambana chiyani anthu inu?" Ndinati, "Palibe amayi, kutanganidwa basi." Anaitana kamdzukulu kawo kuti kalembe nambala yake pa kapepala kong'amba ku paketi ya shuga. Ndinakaponya m'thumba la shati n'kutsanzika. Njira yonse yobwerera mawu akuti kutanganidwa aja amandilemera m'kamwa.

Masana magetsi atayaka, mwana wa achemwali, yemwe akuphunzira ku Blantyre ndipo ali nafe pa holide, anatulutsa laputopu yake. "Ankolo, lero muonere filimu yopanda mfuti." Ife kuno tinakulira za kumavidiyo, za karate zomwe anyamata amamasulira m'Chichewa, ndi za ku Nigeria za asing'anga ndi apongozi ankhanza. Iyi ndi ya ku Belgium, dzina lake Close, ya 2022, anaikonza Lukas Dhont. Amayankhula Chifalansa ndi Chidatchi, ife n'kumawerenga Chingerezi m'munsi, mtsikanayo akuwamasulira anti ake pamene mawu athamanga.

Muli anyamata awiri a zaka 13, Léo ndi Rémi. Makolo a Léo amalima maluwa ogulitsa, ndipo anawo amathamangitsana m'mundamo, kusukulu amapita limodzi pa njinga, usiku amagona bedi limodzi kwawo kwa Rémi. Atayamba sukulu yatsopano, atsikana ena akuwafunsa pagulu ngati ali pachibwenzi. Funso limodzi lokhalo. Léo akukana, koma kuyambira tsikulo akuyamba kudzilondera yekha. Mnzake akamutsamira, iye akusendera uko. Akulowa timu ya hockey ya pa ayezi kuti aziyenda ndi anyamata aphokoso. M'mawa wina akunyamuka osamudikira, ndipo akumenyana pabwalo la sukulu, Rémi akulira. Kenaka kalasi ikuchokera ku ulendo wa kunyanja, makolo adikirira basi, nkhope zili zii. Rémi wadzipha.

Akunyumba anaika nsengwa ya nandolo pansi. Ine ndinayang'ana kukhomo.

Chomwe chandigwira kwambiri n'chakuti mpaka kumapeto filimuyo sinena ngati anawo ankakondana chikondi cha chibwenzi kapena chinali chinzake chabe. Mwina eni akewo sankadziwanso. Pa zaka 13 mtima umakhala usanapeze maina a zinthu zomwe ukumva. Anzawo ndi amene anathamangira kupereka dzina, ndipo dzinalo litangotchulidwa, Léo anayamba kuchita manyazi ndi chinthu chomwe dzulo lake chinali chokoma ngati madzi akumwa.

Ine nkhani imeneyi ndimaidziwa, osati ya ku Belgium ayi.

Ine ndi mwana wa amayi a nthochi aja tinakula ngati mapasa. Gowelo limodzi, bulangete limodzi m'nyengo ngati ino, kusambira ku Likhubula mpaka milomo kuchita mbuu. Kuyenda titagwirana manja sinali nkhani kwa aliyense. Abambo athu ankatero ndi anzawo, ndipo mpaka lero mumaona madala awiri akuchokera kumaliro atakolana zala akukamba za mvula.

Ndiye mu Disembala 2009 kunamveka za chinkhoswe cha Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga ku Blantyre. Anamangidwa pa mlandu wa za amuna okhaokha, ndipo mu Meyi 2010 khoti linawagamula zaka 14 aliyense. Mwezi womwewo usanathe, Bingu wa Mutharika anawakhululukira atakumana ndi Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa United Nations pa nthawiyo. Ife tinali Fomu 3, tikumvera zonsezi pa wailesi ya pagolosale. Mlandu unatha kukhoti, koma kusukulu kwathu unali ukungoyamba kumene. Mawu akuti mathanyula, omwe kale tinkangowamva m'nkhani za akaidi ndi za agogo a ku Wenela, analowa m'kamwa mwa mwana aliyense. Mnyamata aliyense wa mawu ofewa anasanduka "Anti Tiwo".

Mnzanga anali wa mawu ofewa. Anakulira pakati pa alongo, ankadziwa kutendera masamba kuposa atsikana ambiri, ndipo mpira sunkamusangalatsa. Tsiku lina tikuweruka, titagwirana manja monga mwa masiku onse, anyamata omwe anali pamwamba pa lole anakuwa dzina lija, n'kuwonjezera kuti mwamuna wake ndi uyo. Ndinalitaya dzanja lake ngati ndagwira mbaula yamoto. Anandiyang'ana, sanayankhule. Sabata yotsatira ndinasamuka desiki. Ndinayamba kupita ku mpira madzulo aliwonse ngakhale ndinkangokhala panja pa bwalo. Ndipo choipitsitsa, chomwe sindinauzepo munthu mpaka pano, n'chakuti tsiku lina anzathu akumutsanzira kayendedwe, ine ndinaseka nawo, iye akundiona.

Iye sanafe, Mulungu alemekezeke. Anamaliza Fomu 4 ali yekhayekha, patapita zaka zingapo anakwera basi ya ku Joni. Sindinamufunsepo zomwe zinali mumtima mwake, ndipo lero ndaona kuti funsolo silinali lofunika kwenikweni. Kaya anali wotani, anali mnzanga, ndipo ndinamusiya pa nthawi yomwe sukulu yonse inamutembenukira.

Filimu itatha tinakhala kaye chete. Akunyumba, omwe ndi a Mvano enieni, anapukuta m'maso ndi chitenje n'kunena kuti, "Za amuna okhaokha ine Baibulo langa limakana. Koma mwana uja analakwa chiyani?" Mwana wa achemwali uja anati filimuyi inapata mphoto ya Grand Prix pa chionetsero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, ndipo anatiuza za ina ya pafupi nafe, Rafiki, ya ku Kenya, yomwe Wanuri Kahiu anakonza mu 2018. Ndi ya atsikana awiri a ku Nairobi, ana a andale opikisana, omwe chinzake chawo chikusanduka chikondi. Bungwe loona za mafilimu m'dzikomo linailetsa, khoti n'kudzailola masiku 7 okha, ndipo anthu anakhamukira kukaionera. Dzina lakelo m'Chiswahili limangotanthauza mnzako. "Ankolo, mwaona? Ngakhale iwo anabisala kuseri kwa mawu akuti mnzanga."

Tinakangana pang'ono, iye ndi anti ake makamaka. Kuno kwathu lamulo loletsa za amuna okhaokha likadalipo, ndipo mu Juni 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linakana kulichotsa. Zimenezo akuluakulu adzapitiriza kukokana. Ine chomwe chikundisowetsa mtendere ndi mwana wa Sitandade 8 kapena Fomu 1, yemwe thupi likumusinthira, mafunso ali tho m'mutu, ndipo sangafunse mayi, m'busa kapena mphunzitsi chifukwa akudziwa kale yankho lomwe angalandire. Munthu mmodzi yekha yemwe angamuuze ndi mnzake wa pamtima. Tsono ife tikamalola mayina achipongwe aja, timamulanda ngakhale ameneyo. Ndipo amene akuvulala si ana okhawo omwe akudzifunsa zimenezi. Anyamata onse akuphunzira kuti kukumbatira mnzako kapena kulira pamaso pake n'koopsa.

Ndine mphunzitsi. Mayina amenewa ndimawamva pa nthawi yopuma, pafupi ndi mjigo, ndipo ndakhala ndikungodutsa ngati sindinamve, choko chili m'manja. Lolemba ndikawamva ndiima.

Madzulo mwana wathu wa zaka 11 anafika ndi mnzake wa nyumba yachitatu, matope mpaka m'mawondo. Anakhala pa mbaula akuwotcha mbatata, wina atasanjika miyendo pa mnzake, akulimbirana yopsa bwino. Anapempha kuti mnzakeyo agone konkuno. Akunyumba anandiyang'ana, kenaka anakatulutsa bulangete lalikulu lija la alendo.

Onse atagona ndinapisa m'thumba la shati. Kapepala kaja kanyowa ndi chiperoni cha m'mawa, inki yayenderera. Poyambira +27 pakuoneka bwino, koma kumapeto sindikutha kusiyanitsa ngati kamwana kaja kanalemba 3 kapena 8. Ndayesa kuunika ndi tochi ya foni, osatheka. Mawa ndi tchalitchi, amayi aja sakhala pamsika. Lachiwiri ndikaweruka ndidzera ku Chitakale ndi cholembera changa.