Zimene binary search yandiphunzitsa mwezi uno

Ndatha zaka 4 ndikulemba mapulogalamu a kompyuta, makamaka m'chiyankhulo cha kompyuta chotchedwa Java. Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi kuonetsetsa kuti munthu akalipira pa foni, ndalamazo zifike ndipo zilembedwe kamodzi kokha. Mwezi wathawu ndinachita intavyu ya pa vidiyo ndi kampani ina yakunja, ndili m'chipinda changa ku Lilongwe, ndipo sindinapambane. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa funso lomwe linandigwetsa ndinkaliona ngati la chaka choyamba ku koleji.

Anandipatsa mndandanda wa manambala osanjidwa kale, kuyambira aang'ono kufika aakulu, ena obwerezabwereza, n'kundiuza kuti ndipeze malo oyamba pamene nambala inayake ikupezeka. Ndinazindikira pomwepo kuti ndi binary search, njira yofufuzira podula mndandanda pakati mobwerezabwereza, ndipo ndinailemba mothamanga monga ndinailowezera. Pa manambala awiri okha, code yangayo inangozungulira osatuluka. Ndinasintha apa, ndinasintha apo, ndili chete. Wofunsayo anandifunsa modekha kuti low ndi high, malire awiri a mpata wofufuzamo, zikuimira chiyani nthawi iliyonse loop (gawo la code limene limabwerezedwa) ikazungulira. Ndinasowa chonena. Manja ankadziwa kulemba, koma mutu sunkadziwa chifukwa chake.

Ndiye ndinabwerera pachiyambi. Aliyense amene anagwirapo buku la nyimbo m'tchalitchi amaidziwa njirayi. Akalengeza nyimbo nambala 247, simuyambira tsamba loyamba n'kumavundukula limodzilimodzi. Mumatsegula pakati, mukapeza 300 mumadziwa kuti zakutsogolo zonse zilibenso ntchito, n'kutsegulanso pakati pa zotsalazo. Kutsegula kulikonse kumachotsa theka. N'chifukwa chake pa zinthu 1,000,000 mumafunika kuyang'ana maulendo osapitirira 20, poti 2 mukamuchulukitsa ndi iye yemwe ka 20 mumapeza 1,048,576. Zinthu zikafika biliyoni imodzi, maulendo amangokwera kufika 30. Izi ndi zimene timalemba kuti O(log n), ndipo kwa zaka zonsezi ndinkangozitchula pakamwa osazimva kulemera kwake.

Chovuta chenicheni chili m'malire. Musanalembe mzere ndi umodzi womwe, muyenera kugwirizana ndi mtima wanu: kodi high ndi malo omaliza amene yankho lingakhalepo, kapena ndi malo oyamba amene mwatsimikiza kuti kulibe? Zonse ziwiri zimatheka, koma mukasankha chimodzi, mzere uliwonse uyenera kusunga panganolo. Ine ndinasakaniza. Loop yanga inkatsatira pangano loyamba, kusuntha kwa high n'kumatsatira lachiwiri, ndiye mpata wofufuzamo sunkachepanso. Tsopano ndimayamba ndi kulemba panganolo m'mawu pamwamba pa tsamba, code imabwera pambuyo.

Powerenga ndinakumananso ndi nkhani ya Joshua Bloch, katswiri wa Java. Mu 2006 iye analemba kuti binary search ya mu Java, imene anailemba yekha, inakhala ndi vuto kwa zaka pafupifupi 9 osaonekera. Malo apakati ankawapeza pophatikiza low ndi high n'kugawa pawiri. Koma int, mtundu wa nambala umene ankagwiritsa ntchito mu Java, imathera pa 2,147,483,647, ndipo mndandanda ukakula kwambiri, kuphatikizako kumadutsa malirewo n'kubweretsa nambala ya negative. Mankhwala ake ndi kuchotsa low pa high, kugawa pawiri, kenako n'kuphatikizapo low. Nkhaniyi inandichotsa mtima wopeputsa mafunso aafupi. Ngati mizere yochepa chonchi inabisa vuto kwa akatswiri zaka zonsezo, ndiye kuti ndi yofunika kuiwerenga mwaulemu.

Kaphunziridwe kanga ndakasintha. Kale ndinkathamangira kuchulukitsa mafunso pa LeetCode, webusaiti ya mafunso oyeserera kulemba code, funso likandivuta n'kusuzumira yankho. Pano ndimachita limodzi kapena awiri patsiku, m'mamawa ndisanapite ku ntchito, ndipo ndimayambira mu kope ndi cholembera. Kopeyo imandithandizanso magetsi akazima. Funso lililonse ndimaliyesa pa mndandanda wopanda kanthu, wa chinthu chimodzi, ndi wa ziwiri, ndisanakhudze kompyuta.

Chimene chandivuta koposa ndi kuyankhula ndikuganiza. Ku ntchito ndimalemba mwakachetechete, koma mu intavyu wofunsa saona zimene zili m'mutu mwanu ngati simuzinena. Ndinapempha mchemwali wanga, amene ali Fomu 4 ndipo sanalembepo code, kuti madzulo azindimvetsera. Ndimamufotokozera m'Chichewa kaye, kenako ndimabwereza m'Chingerezi. M'Chichewa mulibe pobisala: sindingathe kuponya mawu aakulu n'kudutsa. Tsiku lina nditamaliza za buku la nyimbo zija, anandifunsa kuti, "Nanga achimwene, nyimbozo zikanakhala kuti anangozisakaniza, mukanatsegulabe pakati?" Limenelo ndi funso lenileni la mu intavyu. Popanda kusanja, binary search ilibe mphamvu, ndipo muyenera kusankha pakati pa kusanja kaye, komwe kumadya nthawi yochulukirapo, O(n log n), kapena kuika zinthuzo mu hash map, njira yosungira zinthu imene imapeza chinthu mwachangu popanda kusanja, ngati muzifufuza kawirikawiri.

Sindikunena kuti ma intavyu amenewa amayeza zonse. Palibe anandifunsa mmene ndimatetezera kasitomala kuti asadulidwe ndalama kawiri netiweki ikaduka pakati pa malipiro, pomwe ndi pamene ndathera mphamvu zanga zambiri, ndipo ndikuona kuti makampani amataya anthu aluso poyeza mbali imodzi yokha. Komabe sabata yatha ku ntchito kunabuka vuto: lipoti la malipiro linayamba kutulutsa chiwerengero cholakwika, ndipo pakati pa version yabwino ndi yoipa panali ma commit (zosintha zimene zinasungidwa mu code) pafupifupi 300. Kale ndikanawerenga limodzilimodzi mpaka usiku. Ulendo uno ndinagwiritsa ntchito chida chotchedwa git bisect, chimene chimadula mbiri ya ma commit pakati monga momwe timatsegulira buku la nyimbo. Nditayesa ka 8, commit yolakwikayo inapezeka nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Intavyu ina ndili nayo kumapeto kwa mwezi uno. Sabata ino ndayamba ma graph, omwe ndi zinthu zolumikizana ngati malo ndi misewu yake, ndipo mchemwali wanga wandiuza kale kuti ndimufotokozere breadth-first search, njira yofufuzira mu graph kuyambira malo apafupi, pogwiritsa ntchito masiteji a minibasi kuchokera ku Area 25 kukafika m'tauni.