Chija si ng'ombe

Popeza alamu anga atumiza kale chithunzi chija m'mafoni mwanu, ndipo ena mwayamba kundiimbira n'kungolira kuti "moo" kenako n'kudula, ndiloleni ndilankhuleko musanandiweruze. Chija si ng'ombe. Ndi dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri. Amene mukuona ng'ombe, vuto lili m'maso mwanu.

Khoma la pabalaza lija mukulidziwa, lalikulu, loyera mbee, lokhala ndi msomali umodzi umene tinaupeza uli pomwepo. Mayi a kunyumba ankalidandaula nthawi zonse kuti limawachititsa manyazi kukabwera alendo. Ndiye ine n'kuti, kugula chithunzi chojambula munthu wina n'kwa chiyani manja ndili nawo? Pa YouTube mavidiyo ophunzitsa oyamba kumene ndi mbwee, ndipo onse amalumbira kuti n'zosavuta. Wina amamata tepi pa kanivasi n'kupaka penti m'mipata, pochotsa tepiyo pamatsala mizere yowongoka. Wina amadinda ndi siponji, wina ndi tsamba la mtengo, wina amadontheza timadontho ndi kumbuyo kwa pensulo. Palinso ena amene sagwira n'komwe burashi, amangothira penti wosungunula pa kanivasi n'kumaipendeketsa uku ndi uku. Munthu wamantha akanasankha njira imodzi. Ine ndinasankha ziwiri, tepi ya mapiri ndi kuthira kwa thambo, chifukwa luso likakhala lambiri limasowa potulukira.

Mapiri anayenda bwino, ndipo izi muzilembe penapake. Kanivasi yogula imabwera itapakidwa kale gesso, choyera chija chimene chimaletsa nsalu kumwa penti, choncho ndinangomata tepi m'makona atatuatatu n'kupaka penti wa acrylic wa buluu woderako. Zoti m'mphepete mwa tepi uyenera kuyamba wapakamo penti wa mtundu wa pansipo kuti atseke timipata, mayi wa mu vidiyo uja anazinena mothamanga, nyimbo ikulira. Penti wanga analowa pansi pa tepi n'kumera tinthenga. Zoti tepi imachotsedwa penti asanaumitsitse anazinenanso, koma pa nthawiyo n'kuti ine ndikusaka chivindikiro cha botolo pansi pa mpando. Acrylic sadikira munthu. Wopyapyala amauma pa mphindi 20 kapena 30, ndipo akauma ndi pulasitiki basi. Pamene ndinkakoka tepi ija inabwera ndi mbali ya phiri, ngati nkhanambo ya pa bondo la mwana. Komabe anali mapiri. Aliyense akanawaona akanati awa ndi mapiri, ovutika koma mapiri.

Tsono kuthira. Njira yake ndi iyi: mtundu uliwonse umausungunula m'kapu yakeyake ndi guluu woyera wa matabwa ndi timadzi pang'ono, mpaka uziyenda pa kamtengo osadukaduka. Kenako mitundu yonse umaithira m'kapu imodzi, wina pamwamba pa unzake, n'kuvundikira kapuyo pa kanivasi, n'kuinyamula. Ukafuna timabwalo tokongola tija timene timatumphuka pamwamba, umadontheza mafuta a silikoni, madontho awiri kapena atatu, chifukwa mafuta ndi penti wa madzi sizigwirizana, zimakankhana.

Dzuwa likamalowa pamakhala kufiira, chikasu ndi olenji. Ndinathira. Pamwamba pake pamakhala buluu ndi pepo. Ndinathira. Ndiye ndinaganiza kuti mapiri opanda mitengo ndi achisoni, n'kuwonjezera wobiriwira. Botolo la silikoni linali ndi kamwa yothina, ndinalifinya pang'ono osatuluka kanthu, ndinalifinya ngati mwamuna, chitseko chake n'kuthawira m'kapu momwemo pamodzi ndi theka la mafuta. Pofuna kuvuula chitsekocho ndinalowetsa kamtengo. Ndipo kamtengo kakalowa m'kapu, dzanja la munthu wolongosoka limatakasa lokha. Ndani wa inu anaikapo kamtengo m'kapu osatakasa?

Amene amadziwa za mitundu amati pali mitundu imene imayang'anizana: kufiira ndi kubiriwira, buluu ndi olenji, chikasu ndi pepo. Ukaika iwiri yotere moyandikana imawalitsana, koma ukaisakaniza imaphana, pamatsala bulauni wa matope. Awiriawiri amenewa ndi magulu atatu okha, ndipo ine ndinali nawo onse atatu m'kapu imodzi. Sindikudzitama, koma si aliyense angakwanitse.

Kapu ndinaivundikira m'munsi, pakati pa mapiri, pamene dzuwa limalowera. Nditainyamula panatuluka bulauni amene sanaonekepo chilengedwere dziko. Anayenda mwaulemu, osathamanga, kumanzere ndi kumanja, n'kumeza mapiri anga onse kungosiya tinsonga titatu titasuzumira pamwamba pake. Chakumanzere, pamene silikoni anaunjikana, penti anakana kugwira, panatseguka kabwalo koyera. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati ilo dzuwa, labwera lokha.

Ndinaisiya pa tebulo kuti iume. Penti wothira ndi wochindikala, amatenga tsiku lathunthu kapena masiku angapo, ndipo nthawi yonseyo amakhala akuyendabe ngati pamene wagonapo sipali pofanana. Tebulo lathu lili ndi mwendo umodzi waufupi, nkhani imene ndakhala ndikulonjeza kuikonza. Usiku wonse penti anatsetsereka kulowera kumwamba kwa chithunzi, m'mizere inayi yonenepa, iwiri uku iwiri uku, uliwonse n'kuthera ndi kachibulunga kumapeto. Pouma anaderanso, poti acrylic akakhala wamadzi amaoneka wowala chifukwa chomatira chake chimakhala choyera, chikauma chimasanduka choonekera ndipo mtundu umada. M'mawa ndinaona kuwala kwa dzuwa kunayi kukulasa thambo. Ndinakoloweka pa msomali uja ndekha, mayi a kunyumba ali chiimire kumbuyo kwanga atagwira pakamwa. Ndinaganiza kuti agwidwa ndi kukongola.

Alamu anafika masana. Achimwene awo a mayi a kunyumba, munthu wamkulu, waulemu, wosalankhula mawu asanawatafune. Analowa, tinapatsana moni, anatsala pang'ono kukhala pansi, ndiye maso awo anagwera pa khoma. Sanakhalenso. Anangotsala pamenepo, mawondo atapinda theka, dzanja limodzi lili pa mpando.

Anadzuka bwinobwino n'kuyandikira. Anayang'ana. Anapendeketsa mutu kumanja. Anaubweza, n'kuupendeketsa kumanzere. Anavula magalasi, anawauzira mpweya, anawapukuta ndi nsonga ya malaya, galasi limodzi kenako linalo, anawayang'anitsa pa windo kuti aone ngati ayera, anawavalanso. Anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, lina, linanso, mpaka msana unagunda chitseko. Anaima pamenepo manja ali kumbuyo. M'nyumba monse munali zii, wotchi yokha ikugunda. Ine ndinali nditapinda manja pa chifuwa, nkhope nditaikonza kale kuti ilandire matamando modzichepetsa. Ndinali nditasankhanso mawu oyankha, akuti "aa, n'zongoyesera chabe alamu". Anabweranso pafupi, mphuno pafupifupi kukhudza kanivasi, ndipo ndikulumbira kuti ananunkhiza. Analoza kabwalo koyera kaja ndi chala osakakhudza. Anawerenga mizere ija ndi milomo, osatulutsa mawu. Anapumira m'mwamba, mpweya wautali wa munthu amene waona zambiri pa moyo. Kenako anatembenuka, anandigwira phewa, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti mwana asamve:

"Alamu, yafa ndi chiyani?"

Ndinati chiyani, alamu?

"Ng'ombeyi. Yatupatu. Yagona chagada, miyendo m'mwamba, diso lili tong'o. Inali yanu?"

Kukhitchini kunamveka phokoso la munthu amene akulimbana ndi chifuwa. Ndinafotokoza modekha kuti imene akuti miyendo ndi kuwala kwa dzuwa, diso ndi dzuwalo, ndipo titatu tosongoka tili pakatito ndi nsonga za mapiri. Alamu anayang'ana titatuto nthawi yaitali. "Ooh," anatero. "Ine ndimayesa mawere." Anaganizanso pang'ono n'kuwonjezera, mondithandiza, kuti ng'ombe imakhala ndi anayi, ndiye mwina limodzi labisika.

Mwana wathu, amene ndimamudyetsa ndi kumuveka ine, anabwera n'kunena kuti, "Amalume, tayitembenuzani." Alamu anachotsa kanivasi pa msomali, anaizondotsa, n'kuikolowekanso. Abale anga, ng'ombe inadzuka. Inaima nji pa miyendo inayi, ziboda zili pansi, mawere akulendewera pamalo pake, diso likundiyang'ana ine mwini wake. Alamu anaomba m'manja. "Yachira!" Mayi a kunyumba anatuluka kukhitchini misozi ili mbwe, n'kukhala pansi penipeni, poti miyendo inawakana.

Tsono inu amene mukuseka, mverani. Piet Mondrian, katswiri wa ku Netherlands, anapanga chithunzi chotchedwa New York City I mu 1941, ndipo anachipanga ndi tepi, yofiira, yachikasu, yabuluu ndi yakuda. Tepi, ngati ine. Chinaonetsedwa ku New York mu 1945, kenako chakhala ku Düsseldorf, ku Germany, kuyambira 1980, ndipo mu 2022 ndi pamene katswiri wina wa kumeneko anazindikira kuti chakhala chili chozondoka zaka zoposa 75. Anthu ophunzira, a madigiri awo, ankadutsa pamenepo akugwedeza mitu. Atazindikira sanachitembenuze n'komwe, poopa kuti tepi yakalambayo ingayoyoke. Chithunzi cha bwato cha Henri Matisse, katswiri wa ku France, nachonso chinakhala chozondoka masiku 47 ku Museum of Modern Art, nyumba yoonetsera zithunzi ya ku New York, mu 1961, mpaka mayi wina wodzaona ndi amene anawauza. Ndiye ngati zithunzi za akuluakulu zimasokoneza anthu kuti kumwamba ndi kuti, changa chalakwa chiyani? Changa chimaposanso, chifukwa mbali zonse ziwiri chili ndi nkhani. Uku yafa, uku ili moyo. Ndikutanthauza kuti uku dzuwa likulowa.

Zonsezi ndinawauza alamu, ndipo anamvetsera mwaulemu, koma maso awo anali atapita kwina. Pakhonde panali katoni imene ndinayala pansi pogwira ntchito, yodzaza ndi madontho a mitundu yonse isanakumane m'kapu muja: kufiira kwake, chikasu chake, mizere ya buluu pamene ndinkakutumula burashi, ndi chidindo cha chidendene changa pakona. Anaitola, anaigwira patali ndi manja awiri, nkhope yawo n'kuwala.

"Koma ichi ndiye chithunzi, alamu! Bwanji simunakoloweke chimenechi?"

Ndinafuna kukwiya, koma ndinakumbukira Jackson Pollock wa ku America, amene cha m'ma 1947 anayamba kuyala nsalu pansi n'kumadontheza penti wopaka nyumba ndi timitengo, akuyenda mozungulira. Chithunzi chake chotchedwa No. 5, 1948 sichili pa kanivasi n'komwe, chili pa bolodi, muli bulauni wambiri, ndipo mu 2006 nyuzipepala zinalemba kuti chagulidwa pa madola 140 miliyoni. Choncho ndinawauza alamu kuti katoniyo ndinaipanga dala, kuti inali ntchito yachiwiri ya tsikulo. Mayi a kunyumba anati, "Abambo, si paja munati ndikaitaye?" Pa ukwati pamafunika kuti wina azidziwa nthawi yokhala chete.

Katoni anapita nayo alamu, akuti akaiika m'felemu. Sanalipire kanthu. Anajambula ng'ombe, ndikutanthauza dzuwa, mbali zonse ziwiri asanatuluke, ndipo zotsatira zake ndi zimene muli nazo m'mafonimo. Thalauza limene ndinavala tsikulo limatha kuima lokha, poti acrylic akaumira m'nsalu sachoka ndi sopo, ndipo tebulo lili ndi mizere inayi ya bulauni m'mbali mwake imene ndikuti ndi mbali ya kamangidwe kake.

Kanivasi ili kuchipinda kwa mwana. Anaipempha yekha, anaikoloweka miyendo ili pansi, ndipo waipatsa dzina limene sindikuuzani. Usiku amaitsanzika. Pa msomali wa pabalaza mayi a kunyumba aikapo kalendala. Penti watsala wambiri ndithu, makamaka wobiriwira, ndipo ndaona vidiyo ina ya siponji imene ikuoneka yosavuta, koma makapu onse abisidwa.