Lachinayi ku Chiradzulu: mafunso 20 ndi mwamuna amene sanapezeke

Alangizi a zaumoyo amene akutiyendetsa m'mudzi anatiuza kuti tifike m'mamawa anthu asanabalalike kupita kumadimba, ndiye 5 koloko inatipeza tili kale pa depoti ku Limbe. Minibasi inachedwa kudzaza, akabaza anatikwezera mtengo ataona zikwama, koma zimenezo n'zamasiku onse. Tili awiri, ine ndi mnzanga wa ku Mzimba amene tinagawana naye mutu umodzi wa pulojekiti ya chaka chomaliza. Tikufufuza momwe anthu opulumuka namondwe wa Freddy akukhalira m'maganizo tsopano, mahema atapasulidwa, amabungwe atapita kwina.

Freddy anafika kuno mu Malichi 2023. Akufa ndi osowa anapitirira 1,000, ndipo anthu oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo. Ambiri timakumbukira Chilobwe chifukwa ndi kumene makamera anafika msanga, koma ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe nakonso matope anatsika m'mapiri atanyamula miyala ikuluikulu. Miyalayo ikadali m'minda, anthu amangolima moilambalala.

Chida chathu ndi pepala la mafunso 20 lotchedwa SRQ-20, lochokera ku bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO. Munthu amayankha eya kapena ayi, poganizira masiku 30 apitawo. Mutu umakupwetekani kawirikawiri? Mumavutika kugona? Manja amanjenjemera? Mumalira kuposa kale? Ku Malawi kuno pepalali si lachilendo. Robert Stewart ndi anzake analiyesa m'Chichewa pa amayi a ana aang'ono ku Thyolo, zotsatira zake n'kutuluka mu 2009. N'chifukwa chake a supavaiza amalikonda, podziwa kuti tsiku loteteza pulojekiti palibe amene adzatipanikize kuti mafunso tinawatola kuti.

Pabwalo la amfumu tinapeza padzaza. Amayi ndi ana kumbuyo, abambo atakhala pa njerwa, aliyense chiphaso cha unzika chili m'manja. Uthenga unayenda usiku kuti kukubwera olemba mayina. Sindikuwadabwa. Freddy atangodutsa kunabwera chilala cha El Niño, mpaka mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, ndiye munthu akalowa m'mudzi ndi pepala ndi cholembera anthu amaona ufa, feteleza kapena Mtukula Pakhomo. Komanso ndi chigawo chomwechi kumene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu mu 2017, choncho mlendo wofuna chidindo cha chala salowa yekha. Timadzera kwa amfumu, alangizi ali pambali pathu.

Alangizi anaimirira n'kubwereza kuti ndife ana asukulu, tilibe chogawa. Ambiri ananyamuka, osakwiya n'komwe, kungokutumula zitenje n'kumapita. Agogo ena aamuna amene anatsala anandikodola.

"Mwanawe, mukalemba zonsezi, kenako?"

Ndinawauza zoona, kuti tikalemba buku, aphunzitsi akalichonga, likakhala mu laibulale. Anandiyang'ana pang'ono n'kunena kuti, "Chabwino, lemba."

M'mawa wonse unatha ndi mapepala. Bambo wina anayankha eya mafunso onse 20 mnzanga asanamalize n'kuwerenga komwe, poganiza kuti mwina ufa ulipo ndithu ndipo ukapita kwa amene wavutika kwambiri. Mayi wina titamufunsa ngati chilakolako cha chakudya chinachepa anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati chilakolako chilipo chambiri, chimene kulibe ndi chakudyacho. Pepala lilibe bokosi la yankho limenelo, ndiye ndinalemba m'mphepete ndi pensulo. Kutopa, mutu, m'mimba kuvuta, zonsezi pa pepala zimawerengedwa ngati zizindikiro za kuvutika maganizo, koma munthu wodya kamodzi patsiku angayankhe eya popanda kunama. Tikadzaphatikiza manambalawa pa kompyuta adzaoneka oyera bwino, ndipo ndikuopa kuyera kumeneko.

Cha m'ma 11 koloko ndinakhala ndi mayi wina wa zaka zosapitirira 35, wa ana atatu. Tinakhala kuseri kwa nkhokwe yopanda kanthu, chifukwa pakhonde panali achemwali awo ndi ana a m'nyumba zoyandikana, ndipo fomu ya chilolezo imalonjeza chinsinsi chimene mudzi sudziwa kupereka. Ankasenda nandolo m'lichero nthawi yonse imene tinkayankhulana, maso ali pa nandoloyo. Mayankho ankabwera afupiafupi. Kugona, eya amavutika. Mantha, eya. Kulira, anati analeka, misozi inatha. Nditawafunsa ngati amadziona osafunika, manja anaima.

"Achimwene, inu mwaphunzira. Tandiuzani, ine ndine mayi wapabanja kapena wamasiye?"

Amuna awo anali mkamwini m'mudzimo. Usiku wa madzi aja anatuluka kuti akaone mayi awo kutsidya la mtsinje, ndipo mpaka lero sanapezeke, ngakhale nsapato. Panalibe bokosi, panalibe manda, sanamete. Ndipo poti maliro sanachitike, akuchimuna sanabwere kudzawasudzula. Amalume a mwamunayo amati tidzakusudzula bwanji pamene manda sitinawaone. Apongozi awo aakazi, amene anapulumuka, safuna n'kumva komwe. Amati mwana wawo anakokoloka mpaka kutali, anthu anamutola, tsiku lina adzatulukira. Wina anawauzapo kuti anaona munthu wofanana naye pa msika ku Mozambique, ndipo mawu amenewo agogowo anawagwira ndi manja awiri.

Ndiye mayiyu ali pakati. Kumpingo akaitana amayi amasiye amachita manyazi kuimirira. Pali bambo wina amene anatumiza mawu ofuna banja, munthu wabwinobwino, wa njinga yake, koma akangovomera asanasudzulidwe mudzi wonse udzati ankangodikira, mwinanso kuti ndi iwo anamudya mwamunayo. Munda akulima okha. Mwana wamkulu anasiya sukulu ali Sitandade 7.

Funso la 17 ndi limene tonse timaliopa m'kalasi, lofunsa ngati maganizo ochotsa moyo wako anakufikirapo. Ndinaliwerenga momwe linalembedwera. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati nthawi zina, makamaka mvula ikamagwa usiku. Anawonjezera msanga kuti ndisakauze apolisi. Mantha amenewo ali ndi pochokera: gawo 229 la lamulo la milandu la Penal Code lakhala likuwerenga kuyesa kudzipha ngati mlandu, ndipo anthu amamva pa wailesi kuti wakutiwakuti wamangidwa atapulumuka. Lamulo lotere limaphunzitsa munthu kubisa.

Malamulo a kafukufuku wathu amati zikatere usiye mafunso, upemphe chilolezo cha munthuyo, uitane wazaumoyo. Anavomera kuti ndiitane alangizi, poti ndi munthu amene amawadziwa kusikelo. Koma alangizi atangotchula chipatala, mayiyo anaika lichero pansi.

"Ku Zomba ayi. Ine si wamisala."

Zinatenga nthawi kuwafotokozera kuti palibe amene akuwatumiza ku Zomba Mental Hospital, kuti pa chipatala cha boma pompano pali anamwino ophunzira za matenda a maganizo amene amangocheza ndi munthu, mankhwala n'kupereka ngati akufunika. Anafunsa za ndalama ya kabaza. Ine ndinalibe yankho, chifukwa bajeti ya mwana wasukulu imathera pa kusindikiza mapepala, makamaka chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Alangizi anati adzawatenga pa njinga yamoto yawo Lolemba, popita kukapereka malipoti. Anagwirizananso kuti achemwali awo adziwe, kuti usiku wa mvula asamagone okha ndi ana. Ndikulemba pano kuti ndisadzaiwale: munthu amene wagwira ntchito yeniyeni lero ndi mlangizi uja, amene dzina lake silidzaoneka pa chikuto cha buku lathu.

Nkhomaliro tinadyera kwa alangizi, nsima ya nandolo ndi chigwada. Ndinamufotokozera mnzanga nkhaniyo osatchula dzina, ndipo tinakangana. Ine ndinati chimene chikumudwalitsa mayiyu ndi mwambo umene sunachitike, ndiye mankhwala ake ndi mwambo womwewo, osati mapilisi. Iye anandiseka kuti ndayamba kuyankhula ngati mzungu amene wangoona Vimbuza koyamba. Kwawo Vimbuza amaidziwa bwino, gule wa ng'oma amene Atumbuka amavinira odwala mizimu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 pamodzi ndi Gule Wamkulu. Anati agogo ake anavinidwapo n'kupeza bwino, ndipo iye sakana kuti ng'oma ndi anthu okuzungulira usiku wonse zimamasula mtima. Koma anandikumbutsa kuti miyambo yomweyi ndi imene yamumanga mayiyu miyendo, kuti ufulu wake uli m'manja mwa amalume a munthu wina. Anatchula kulowa kufa kwa ku Nsanje ndi Chikwawa, anatchula kulanda katundu wa amasiye kumene kunafika poti boma likhazikitse lamulo la chuma cha masiye mu 2011. Ndipo anati munthu amene wanena eya pa funso la 17 sungamuuze kuti adikire akuluakulu agwirizane.

Pamenepo akunena zoona. Komabe sindinagonje pa zonse. Ndawerengapo mabuku a anzathu amene anatitsogolera, ndipo pafupifupi onse amathera pamodzimodzi: miyambo ikulepheretsa anthu kupita kuchipatala, boma liphunzitse anthu. Chiganizo chimenechi chimalembedwa munthu asanapite n'kumudzi komwe. Kodi mayi wa lero aphunzitsidwe chiyani? Vuto lake akulidziwa kuposa ine. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayamba Friendship Bench mu 2006 pophunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi ndi munthu, kumumvetsera, n'kumuthandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe nalo. Mayiyu atakhala pa benchi yotere sangatchule mutu kapena tulo. Angatchule kusudzulidwa.

Tisananyamuke tinakatsanzika kwa amfumu, ndipo ndinawafunsa mwachisawawa kuti kale zinkatani munthu akapita ndi madzi osapezeka. Anati zinkachitika, si zachilendo. Eni mbumba a mbali zonse ziwiri ankakhala pansi, akadikira nyengo n'kuona kuti basi, ankatenga chovala kapena mphasa ya munthuyo n'kukaika kumanda, anthu n'kulira, n'kumeta, wotsalayo n'kumasulidwa. Ndinafunsa chifukwa chake sizikuchitika pano. Anawerenga ndi zala. Choyamba, mwambo umafuna ufa, ndiwo ndi nkhuni zodyetsa anthu, ndipo chaka chino palibe amene angaitane mudzi. Chachiwiri, ena kumipingo amati kuika chovala m'manda n'zachikunja. Chachitatu ndi chimene anatsitsa nacho mawu: mayi wobereka akakana kuti mwana wake anafa, ndani angapite kukakumba dzenje?

Zimenezi zandikhala pamtima ulendo wonse wobwerera. Ndinapita ndikuganiza kuti pali wolakwa, amalume ouma mtima kapena mwambo wankhanza. Koma kutsidya kwa mtsinje kuli gogo amene mwana wake anafa akubwera kudzamupulumutsa iyeyo, ndipo chimene chikumudzutsa m'mawa ndi nkhani ya pa msika wa ku Mozambique ija. Tsiku limene mpongozi wake adzamasulidwe ndi tsiku limene iye adzaike mwana wake. Gogoyo sali pa mndandanda wathu, chifukwa mudzi wake sunagwe m'maere pamene tinkasankha midzi.

Tafika ku Limbe magetsi atazima, ndiye manambala ndalowetsa ndi moto wotsala mu laputopu. Mayi uja ndi nambala 14 pa mndandanda, eya 13 mwa mafunso 17 amene tinafika, ndipo atatu otsalawo ndasiya opanda kanthu. Mnzanga akuti pulogalamu yowerengera idzamutaya chifukwa pepala lake n'losakwanira, pokhapokha titalemba chifukwa chake m'chaputala cha njira zofufuzira. Tilemba.

Ndatumiza uthenga pa WhatsApp kwa a supavaiza kupempha kuti tiwonjezere macheza ndi eni mbumba, apongozi ndi atsogoleri a mipingo pa nkhani ya anthu amene sanapezeke. Ndikudziwa kuti kusintha kulikonse kumayenera kubwerera ku komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa, ndipo kumeneko zinthu sizithamanga. Ayankha cha m'ma 9 koloko kuti mfundoyo ndi yabwino koma masiku opereka buku ayandikira, tikakambirane Lachiwiri ndipo ndibwere ndi mafunsowo nditalemba kale. Mnzanga wati iye alemba a apongozi, ine ndilembe a amalume ndi abusa.