Zachitika liti?

Munthu akalowa m'chipinda chathu cha maso atagwira kumaso, ndisanafunse dzina ndimafunsa kuti, "Zachitika liti?" Kuno ku Mzuzu timalandira odwala ochokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Mzimba ndi Nkhata Bay, ndipo yankho lake limandiuza zambiri ndisanayatse n'komwe tochi.

Lolemba kunabwera mnyamata wowotcherera zitsulo ku Luwinga, kachitsulo katamatirira pagalasi la diso. Anali atagona nako usiku umodzi, dzimbiri litayamba kuzungulira. Tinadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, tinakachotsa, anapita.

Lachiwiri mtima unakhala pansi. Bambo wina womanga nyumba ku Mchengautuwa simenti inamuthovukira m'maso. Mnzake sanayambe ndi kuthamangira kabaza, anamukokera pampopi n'kumutsegula zikope, madzi akuyenderera kwa mphindi zoposa 20. Simenti ndi laimu zimapitiriza kudya diso mpaka mkati ngati sizitsukidwa, kuposa ngakhale asidi wa batire. Ife tinangopitiriza kutsuka ndi madzi a dripi, n'kutembenuza zikope kuchotsa timibulu totsalira. Mnzakeyo ndinamugwira chanza kawiri.

Koma Lachitatu likundiwawabe. Mwana wa zaka 6 wochokera kumapiri a ku Chitipa, mwala wa legeni unamuboola diso Loweruka. Anafika kwa ife patadutsa masiku 4. Agogo ake anayamba afinyira madzi a masamba m'disomo, kenako anadikira kugulitsa nyemba kuti apeze ya thiransipoti. Nditakweza chikope pang'onopang'ono ndinaona mafinya oyera atadzaza kuseri kwa galasi, mwana wa diso osaoneka. Ndinayatsa tochi.

"Ukuona kuwala?"

Anapukusa mutu.

Agogowo anandifunsa m'Chitumbuka ngati jiso lichira. Ndinati, "Agogo, tiyesetsa kuti ululu uthe komanso titeteze linalo." Sindinawakalipire. Anachita zomwe amadziwa, ndipo ulendo wochokera ku Chitipa, kudzera ku Karonga n'kukwera Chiweta, si wapafupi kwa munthu wopanda ndalama m'thumba. Chomwe chimandipweteka n'chakuti diso loboola limafunika kusokedwa pasanathe maola 24. Bala likakhala chitsegukire, tizilombo timalowa mkati, ndipo madzi a zitsamba amangowonjezera tina. Mafinya akafika kumbuyo komwe kuli minyewa yoonera, ngakhale dotolo waluso bwanji sabweza zomwe zawonongeka.

Lachinayi m'mawa ambulansi inabweretsa mayi wa ku Nkhata Bay amene kachidutswa ka nkhuni kanamulasa akuwaza madzulo a dzulo lake. Namwino wa pachipatala chaching'ono kwawoko anachita zonse molondola. Sanafinye, sanapake mafuta, sanayese kuzula kanthu. Anadula kapu yapulasitiki n'kuvindikira diso ndi tako lake, anamata ndi pulasitala, anabaya jakisoni wa kafumbata, n'kuuza mayiyo kuti asadye kanthu poti akalowa ku fiyeta. Pofika 10 koloko dotolo anali akusoka ndi ulusi wowonda kuposa tsitsi, maola 16 chivulalireni. Ng'ala mwina ibwera pambuyo pake chifukwa cha kumenyekako, koma imeneyo timachotsa.

Lachisanu ndinamasula bandeji, ndinatseka diso labwinolo ndi chikhatho, n'kuimika zala patsogolo pawo.

"Mayi, ndi zingati?"

Anatsinzina, misozi ikutsika. "Zitatu."

Zinalidi zitatu. Bedi lachitatu kuchokera pamenepo, agogo aja anali akumwetsa mdzukulu wawo phala, ndipo ndinapita kukamudontheza mankhwala a 8 koloko.