Ulendo wa sewero lathu la Chilobwe ku Makhanda

M'gulu lathu la zisudzo ine sindikwera pa siteji. Ndimasunga kope la ndalama, ndimalemba makalata, ndimawerenga zikwama pa depoti, ndipo m'mawa ndimadzutsa anthu. Anzanga a m'magulu ena akhala akundifunsa za ulendo wathu wa ku South Africa wa mu Juni 2024, poti nawonso akufuna kutulutsa masewero awo kunja. Ndiye ndati ndilembe pano mmene zinayendera.

Sewerolo linabwera ndi namondwe wa Freddy. Mu Malichi 2023 madzi, matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Awiri mwa osewera athu amakhala komweko, ndipo mmodzi anagwira nawo khasu masiku atatu pofukula anthu. Patapita miyezi tinayamba kukumana Loweruka lililonse m'kalasi yobwereka. Poyamba tinkangofotokozerana zimene aliyense anaona. Kenako tinayenda m'makomo, kupempha amayi angapo kuti atiuze nkhani zawo, ndipo m'nkhani zimenezo munatuluka mayi mmodzi wa m'sewero, amene amayenda kuchokera ku msasa kupita kuchipatala atanyamula juzi ya sukulu ya mwana wake, akufunsa ngati pali amene wamuona.

Titalionetsa koyamba mu Blantyre tinali anthu 9 m'gulu lonse. Tinali ndi malata asanu ndi limodzi, chitseko chenicheni ndi felemu yake, ndi ndowa zodzaza dothi lofiira limene osewera ankadzipaka. Kukonza siteji kunkatenga maola awiri, kukolopa ola lina.

National Arts Festival, chikondwerero cha zaluso chimene tinapitako, imachitikira ku Makhanda, tawuni ya ku Eastern Cape imene mpaka 2018 inkatchedwa Grahamstown. Inayamba mu 1974, ndiye chaka chimene tinapitacho inkakwanitsa zaka 50. Ili ndi mbali ya masewero osankhidwa ndi akuluakulu a chikondwererocho, komanso ili ndi Fringe, kumene gulu limalembetsa lokha, kudzilipirira lokha, n'kudalira matikiti. Ife tinalowera ku Fringe. Kumeneko holo imodzi mumagawana magulu ambiri pa tsiku. Anzanu akangotuluka mumalowa, mphindi zochepa zokonzera, belu, anthu alowa. Malata asanu ndi limodzi ndi ndowa za matope sizikanatheka.

Kenako ndalama. Bajeti ndinailemba mu Okutobala 2023. Mu Novembala kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo zonse zimene ndinawerengera m'marandi, malo ogona, kulembetsa, chakudya, zinakwera usiku umodzi. Amene anatilonjeza thandizo anapereka ndithu zimene analonjeza, koma zinali m'makwacha. Tinakhala pansi n'kuona kuti basi ingathe kunyamula anthu 6 okha: osewera anayi, oimba ng'oma, ndi ine, amene ndinaphunzira kuyendetsa magetsi a pa siteji kuti tisalipirire munthu wina.

Pa ntchito yonseyi chimene chinandipweteka koposa ndi tsiku limene ndinauza anthu atatu kuti atsala. Mmodzi anali mtsikana amene anabweretsa nyimbo ya maliro ya kwawo ku Thyolo, imene ndi mtima wa sewero lonse. Sanakwiye. Anangofunsa kuti, “Nyimboyo ipita?” Ndinati ipita. Anabwerabe masabata onse otsala kudzaphunzitsa mnzake kaimbidwe kake, mpaka popumira. Dzina lake tinalilemba pa pepala lililonse limene tinagawa, ndipo gawo lake la ndalama za matikiti analandira, ngakhale linali lochepa. Amene mukukonza maulendo otere, nkhani ya otsala muikambirane poyera musanagule tikiti ndi imodzi yomwe.

Matope tinawasiya. M'malo mwake tinagula nsalu yaitali ya bulauni ku Limbe, tinaiviika mu tiyi ndi dothi masiku angapo mpaka inathimbirira. Osewera atatu amaikoka kuchokera kumbuyo, pang'onopang'ono, ikukwawa pansi, mpaka kukwirira mphasa pamene mwana wagona. Imalowa m'chikwama chimodzi cha Shangani. Ndikunena zoona, nsaluyo imaopsa kuposa matope enieni aja, chifukwa woonera amaiona ikubwera ndipo palibe chimene angachite. Pakanapanda vuto la katundu sitikanaiganiza. Lata tinati tikapeza konko, ndipo tinakalipezadi, limodzi, la dzimbiri, kwa bambo wina wa ku Joza, dera lina la ku Makhanda komweko, amene anatibwereka osafuna kanthu. Pa latalo timathira nyemba zouma kuti imveke mvula.

Mkangano waukulu unali wa chiyankhulo. Ena ankati tilimasulire lonse m'Chingerezi, apo ayi holo ikhala yopanda anthu. Tinayesa sabata imodzi. Mayi amene amasewera ngati make mwana uja anafika pa mawu akuti “Mwanawe, ndiwe uli apa kodi?”, anawanena m'Chingerezi, n'kuima. Anati, “Achimwene, pakamwa pakutuluka mawu koma m'mimba mulibe kanthu.” Ine ndinali mbali ya Chingerezi, chifukwa ndinkaganiza za matikiti, koma nditamva zimenezo ndinasintha maganizo. Tinagwirizana kuti wantchito wa ku msasa ndi mtolankhani aziyankhula Chingerezi, monga zimakhaliradi, ndipo mayiyo akhale m'Chichewa chake kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mawu ochepa omasulira ndinkawaonetsa pakhoma ndi projekita, mizere 40 basi m'sewero la ola lathunthu. Nyimbo ya maliro sitinaimasulire.

Njira mukuidziwa ambiri a inu: Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mpaka Park Station ku Johannesburg. Pamenepo n'kukwera basi ina ya usiku wonse kutsikira kummwera. Pa chipata chilichonse ng'oma zinkafunsidwa, poti ndi chikopa cha nyama ndi mtengo. Kalata yotiitana ndi mndandanda wa katundu yense ndinali nazo m'manja, makope asanu, ndipo zinatithandiza.

Kuzizira kwa Makhanda mu Juni si kwa Dedza ayi. Kumalowa m'mafupa. Ndipo apa ndi pamene ng'oma inatsala pang'ono kutigwetsa. Madala athu oimba ng'oma, amene aimba zaka zoposa makumi atatu, anaigogoda m'mawa woyamba, inangoti bu, ngati mukumenya pilo. Chikopa chinali chitalefuka, phula litauma gwa. Kwathu zikatero umangosonkha kamoto ka udzu kuseri kwa holo, n'kuiwamba mpaka italira. Kumeneko moto pafupi ndi holo saloleza, ndipo m'pomveka. Panatsala mphindi 20. Mtsikana wina wophunzira pa Rhodes University, amene ankathandiza pa holoyo, anathamanga n'kubwera ndi chowumitsira tsitsi. Madala anachiyang'ana kanthawi, anakhala pansi, ng'oma pakati pa miyendo, n'kuyamba kuzunguliza mpweya wotenthawo m'mphepete mwa chikopa, akugogoda ndi chala chimodzi, khutu atalitsamiritsa. Ndinamva mawu a ng'oma akukwera pang'onopang'ono, bu, bum, mpaka mbii. Anangoti, “Yadzuka.” Masiku onse otsatira mtsikanayo ankawadikira pakhomo ndi chipangizocho, akuwatchula kuti tata.

Tsiku loyamba analowa anthu 11. Lachiwiri 17. Masana tinkaima ku Village Green, msika wa chikondwererocho, ndi m'mbali mwa High Street tikugawa timapepala, manja atachita dzanzi, pakati pa magulu ena ambirimbiri ochitanso chimodzimodzi. Chimene chinadzaza mipando pa masiku awiri omaliza ndi pakamwa pa anthu amene anaonera kale.

Usiku wachitatu mayi wina wachikulire wachiXhosa anatsalira anthu atatuluka. Anagwira dzanja la wosewera wathu amene amasewera ngati make mwana uja osalisiya. Anati pakhoma sanayang'anepo, chifukwa magalasi anaiwala kunyumba, koma anamva “mvula”, anamva “kulira”, anamva “kufa”. Kwawo amati imvula, ukulila, ukufa. Anatiuza za achibale ake a ku Durban amene madzi osefukira a mu Epulo 2022 anawagwetsera nyumba. Anayimirira awiriwo nthawi yaitali, mpaka a gulu lotsatira anayamba kulowetsa katundu wawo.

Ndalama sitinapindule. Matikiti anabweza za malo ogona ndi chakudya, za basi zinapita. Anthu awiri okonza zikondwerero za m'mayiko ena anandipatsa makadi awo, ndipo onse anafunsa zinthu zofanana: vidiyo ya sewero lonse yojambulidwa bwino, zithunzi, ndi pepala lofotokoza kukula kwa siteji, magetsi ofunika, chiwerengero cha anthu oyenda ndi kulemera kwa katundu. Ine ndinali ndi kavidiyo ka pafoni kokha. Ndinazikonza titabwerera, patatha miyezi iwiri, ndipo mmodzi anayankha kuti pulogalamu yake yadzaza kale mpaka chaka chinacho. Anthu amenewa amakonzeratu chaka chathunthu kapena ziwiri. Zimenezi muzinyamule pochoka.

M'basi pobwerera, wosewera wa ku Chilobwe uja ananena chinthu chimene chinandikhala pamtima: amayi amene anatipatsa nkhani zawo anali asanalionebe sewerolo. Ku Blantyre tinalionetsa m'holo ya matikiti, kutawuni, madzulo, nthawi imene minibasi zimavuta. Tinafika nalo ku Eastern Cape tisanafike nalo pa mtunda wa makilomita ochepa kuchokera pamene tinkayeserera.

Mu Ogasiti tinapita kukapempha kwa amfumu ndi kwa amayiwo. Awiri anati sangakwanitse kuonera, ndipo tinawamvetsa. Ena anavomera. Tinasewera pa bwalo masana, popanda magetsi kapena projekita, phiri la Soche lili kumbuyo kwathu ndi chipsera chake chikuonekabe. Tinabwerera kukhala anthu 9. Madala anawamba ng'oma pa moto wa udzu, ana atawazungulira. Nyimbo ya maliro anaiyambitsa mwini wake, mtsikana wa ku Thyolo uja, ndipo asanamalize mzere woyamba amayi okhala pa mphasa kutsogolo anali ataipolokezera kale.