Mmene ndimalongedzera chikwama cha pandege popita ku London

Ndikakhala ndi ulendo wa ku Britain ndimayambira pa tikiti, zovala zimabwera pambuyo. Pa tikitipo ndi pomwe amalemba zikwama zomwe ndaloledwa kupereka kuti zikalowe pansi pa ndege. Maulendo ataliatali kawirikawiri amalola ziwiri, chilichonse cha makilogalamu 23, koma matikiti ena otsika mtengo amalola chimodzi chokha, ndiye sindidalira zonena za mnzanga amene anakwera chaka chatha. Makampani ambiri amafunanso kuti mukaphatikiza mulitali, mulifupi ndi msinkhu wa chikwama, zisapose masentimita 158.

Apa anthu ambiri amasokonezeka: 23 ameneyu ndi wa chikwama chilichonse pachokha. Chimodzi chikalemera 28 china 18, adzakulipiritsani kapena kukuuzani kuti musamutse katundu pomwepo, anthu ali pamzere kumbuyo kwanu. Chikapyola 32 nthawi zambiri salandira n'komwe ngakhale mutatulutsa ndalama, chifukwa amene amachinyamula ndi anthu, ali ndi misana. N'chifukwa chake ndimayezeratu kunyumba. Ndimakwera pasikelo ndekha, kenako ndimakwera nditanyamula chikwama, n'kuchotsera. Ndimalekezera pa 22, poti masikelo amasiyana.

Zakudya ndiye zimadya makilo. Ufa woyera, mpunga wa Kilombero, usipa, chambo chowamba, tsabola wa Nali, zonsezi abale akunja amazilakalaka ndipo sindingawasiye. Usipa ndimaumanga m'mapepala apulasitiki awiri kapena atatu, n'kukulunga ndi tepi, apo ayi malaya onse akafika akununkha kunyanja. Botolo la tsabola ndimalimata pachivindikiro, kuliika m'jumbo, n'kulikulunga m'chitenje pakatikati pa zovala. Ku Britain nsomba zouma kapena zowamba amalola mpaka makilogalamu 20 munthu mmodzi, uchi makilogalamu 2. Koma nyama ndi zamkaka zochokera kwathu kuno n'zoletsedwa, kaya ndi yofutsa kaya ndi chambiko. Zipatso ndi ndiwo zamasamba zaziwisi zambiri zimafuna chikalata cha a zaulimi, choncho ndimangozisiya.

Ndikamaliza zakudya ndimapisa m'matumba onse a chikwama kufufuza zomwe siziloledwa pansi pa ndege. Power bank ndi mabatire apadera a foni kapena kamera amayenda nane m'chikwama cha m'manja. Mabatire a lithium amatha kutentha n'kuyaka, ndipo moto ukabuka pomwe pali anthu amauona msanga n'kuuzimitsa, pamene pansi paja palibe woufikira. Machesi, laita, palafini, penti, gasi ndi makombola a pa Khirisimasi sizilowa. Mowa waukali, monga jini, amalola mpaka malita 5 uli m'mabotolo ake osatsegula, bola usapose 70 peresenti. Za msonkho wake ndi nkhani ina mukafika. Mpeni, lumo ndi sizasi yaikulu zimalowa m'chikwama chachikuluchi, popeza m'manja akakulandani. Mankhwala omwe ndikumwa, ndalama, laputopu ndi zikalata sindisiyana nazo. Chikwama chimatha kutsalira panjira n'kukupezani mawa lake.

Chomwe ndimalimbirapo mtima kwambiri ndi timaphukusi ta anthu. Ikangomveka yoti mukupita, amabwera achibale ndi a kumpingo: “Achemwali, mukampatseko mwana wanga aka.” Ndimalandira ndithu, ndi umunthu wathu, koma ndimawauza mwaulemu kuti, “Amayi, titsegule limodzi ndione.” Phukusi lomatamata lomwe mwini wake akukana kuti litsegulidwe sindinyamula, zivute zitani. Pa kauntala amafunsa ngati mwalongedza nokha komanso ngati wina wakupatsirani kanthu. Mukapezeka chamba kapena china choletsedwa, dzina lomwe lili pachikwamacho ndi lanu, ndipo wokatsekeredwa m'chitokosi kudziko la eni ndinu. Munthu wokufunirani zabwino sakhumudwa mukamupempha kuti atsegule.

Ndisanatseke ndimaika pepala la dzina ndi nambala yanga mkati, ndimachotsa timapepala ta maulendo akale, n'kumangirira kansalu kowala pa chogwirira, poti zikwama zakuda zimafanana. Ndimachijambulanso pafoni.

Pabwalo la Kamuzu ndimafika kukadali maola atatu. Akayeza chikwama n'kumatapo pepala lalitali losonyeza komwe chikupita, ndimaliwerenga chisanalowe mkati: ngati ndikudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi kupita ku bwalo la ndege la Heathrow ku London, pakuyenera kuoneka zilembo zoimira bwalolo, LHR. Kachidutswa ka nambala komwe amandipatsa ndimakasunga m'pasipoti. Chikwama chikapanda kutuluka, kapena chikatuluka chong'ambika, ndimakanena ku ofesi ya katundu ndisanatuluke pabwalo, kachidutswako kali m'manja. Chikawonongeka, dandaulo lolemba liyenera kufika ku kampani ya ndege pasanathe masiku 7.