Lachiwiri ku Limbe: gitala yatsopano ndi nkhani ya ma pickup

Gitala ndabwera nayo kunyumba, koma mtima sunakhazikike, ndipo chimene chikundisowetsa mtendere ndi mawu a mnyamata wogulitsa m'sitolo ina ya zida zoimbira ku Limbe. Iye anandiuza mosapita m'mbali kuti woimba wa m'tchalitchi amene amagula gitala ya ma single-coil (ma pickup, kapena kuti tizida totola mawu a nsambo, okhala ndi koyilo imodzi yokha ya waya) amakhala akudzigulira mavuto ndi ndalama zake zomwe.

Magitala pakhoma analipo ambiri, koma thumba langa linkafika pa atatu okha: Squier Stratocaster ya ma single-coil atatu, Epiphone Les Paul ya ma humbucker (ma pickup okhala ndi ma koyilo awiri) awiri, ndi Yamaha Pacifica 112V, imene ili ndi humbucker pafupi ndi bridge (pamene nsambo zimagwirira pathupi la gitala) komanso ma single-coil awiri, ina pakati, ina chakukhosi. Ine ndinkafuna Squier, ndipo ndinanena zimenezi nditangolowa. Mnyamatayo sanatsutse pakamwa. Anailumikiza ku ampulifaya, anakweza gain (mphamvu yokuzira mawu olowa mu ampulifaya) mpaka kumapeto, kenako anachotsa manja pansambo n'kundiyang'ana. Sitolo yonse inadzaza ndi kung'ung'uza kosalekeza.

"Mwamva, achimwene? Lamulungu abusa akati tiyeni tipemphere, mpingo wonse uli zii, gitala yanuyi izikhala ikulira ngati thiransifoma. Adzakuyang'anani ndani ndi diso labwino?" Atatero anatenga Les Paul, anailumikiza pomwepo osasintha kanthu, ndipo phokoso lija linatheratu.

Bodza sananene, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi ikundivuta. Pickup ndi maginito okulungidwa ndi waya wakopa woonda kwambiri maulendo masauzande angapo, moti nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pake, wayayo amatulutsa timagetsi timene ampulifaya amakuza kukhala mawu. Vuto ndi lakuti waya yemweyo amatolanso mphamvu yochokera ku mawaya a m'nyumba, ku nyali ndi ku mathiransifoma, ndipo popeza magetsi athu kuno ndi a 50 Hz, kung'ung'uzako kumatsatira mlingo womwewo. Seth Lover wa kampani ya Gibson anathana nalo vutoli poika ma koyilo awiri moyandikana, olumikizidwa motsutsana ndiponso okhala ndi maginito otembenuzidwa, kuti phokoso lotoledwa ndi koyilo imodzi lifafanizidwe ndi inzake pamene mawu a nsambo akuwonjezerana. Chilolezo cha luso limeneli chinapemphedwa mu 1955, ndipo mu 1957 ma humbucker anayamba kuikidwa pa Les Paul. Nzeru imeneyi ndimailemekeza kwambiri.

Chimene chinandikwiyitsa n'chakuti kwa mnyamatayo, pickup yabwino ndi imene ili chete ndiponso yamphamvu, basi. Za mtundu wa nyimbo zimene ndimaimba sanandifunse n'komwe. Ife kutchalitchi ndi m'maukwati timaimba gitala yoyera, yopanda distortion (kusasa kwa mawu komveka mu nyimbo za rock), tikumadokonyola manotsi afupiafupi chakumunsi kwa khosi monga amachitira a rumba ndi sungura, ndipo manotsiwo amayenera kudutsa pakati pa kiyibodi, besi, ng'oma ndi mawu a kwaya popanda kuphimba wina aliyense. Humbucker imatulutsa mawu onenepa, odzaza pakati, koma imachepetsa mawu akuthwa akumwamba, ndipo mawu onenepawo amakagwera malo omwewo amene kiyibodi yakhala kale. Woimba akaona kuti sakumveka amakweza voliyumu, wakiyibodi nayenso amakweza, mapeto ake amayi akutsogolo amatseka makutu. Single-coil, ndi kuwonda kwake konse, imamveka bwino ngakhale voliyumu ili pansi, chifukwa notsi iliyonse imatuluka payokha.

Ndinamupempha kuti atsitse gain, ndipo ndinasuntha kasiwichi n'kukaika pakati pa pickup yakukhosi ndi yapakati. Phokoso linazimiririka, chifukwa pa magitala ambiri amakono amtunduwu pickup yapakati imakulungidwa mobwerera, moti ikaphatikizidwa ndi inzake zimagwira ntchito yofanana ndi ya humbucker. Stratocaster itatuluka mu 1954 inali ndi siwichi ya malo atatu okha, ndipo oimba ndi amene anatulukira mawu apakatiwa pokhazika siwichiyo pakati mosamala, mpaka kampani yopanga gitalayi, Fender, inaika ya malo asanu mu 1977. Mnyamatayo anangoseka n'kunena kuti apo ndangobisala, ndipo tsiku lofuna kuimba ndi pickup yapa bridge yokha, phokoso lidzandipeza.

Bambo ena achikulire amene ankagula nsambo anali akumvetsera nthawi yonseyi. Anandiuza kuti ndibwezere siwichi pa pickup imodzi, kenako anati, "Mwana wanga, tembenuka pang'onopang'ono uli chiimire." Ndinatembenuka gitala ili pamimba, ndipo phokoso linakula, linachepa, mpaka nditayang'ana kukhomo linatsala pang'ono kutha. Iwo anati musanaimbe mlandu gitala muziyamba mwaona ngati masoketi a pamalo oimbirawo ali ndi waya wa earth, ngati chingwe chanu chili chabwino, ndiponso ngati simunaime pafupi kwambiri ndi ampulifaya. Analipira nsambo zawo n'kutuluka, ndipo mnyamatayo sanayankhe kanthu.

Ndikuganiza kuti mkwiyo wanga ukuposa nkhani ya sitoloyi. Ndatopa ndi kuona gitala iliyonse ikuyesedwa ndi distortion ngati kuti nyimbo za rock ndiye muyeso wa zonse, pamene ambiri amene timalowa m'masitolo amenewa timakaimba nyimbo zovinitsa anthu paukwati kapena zotsogolera mpingo. Kaimbidwe koyera n'kovuta, chifukwa chala chikaterereka palibe chobisalamo, ndipo kamafuna chida chosankhidwa mosamala ngati kaimbidwe kena kalikonse. Zimandipweteka kuti wogulitsa wakwathu konkuno, amene anakula akumva magitala omwewa m'maminibasi ndi pawailesi, aziona mawu amenewa ngati osakwanira.

Komabe ndatenga Pacifica, chifukwa mawu aja onena za nthawi ya pemphero anandilowa. Kutchalitchi kwathu magetsi akazima timagwiritsa ntchito jenereta, ndipo ndimadziwa mmene zida zimalirira tsiku loterolo. Ndinaona kuti ndi nzeru kukhala ndi pickup imodzi yachete yothawirako, makamaka popeza pa 112V ukakoka kachitsulo ka toni m'mwamba, koyilo imodzi ya humbucker imazima n'kutsala imodzi. Maginito akenso ndi a alnico, amene khutu langa limawakonda kuposa a ceramic opezeka pa magitala ambiri otchipa.

Madzulo ano ndakhala ndikuiimba motsitsa kuti ndisasokoneze ana. Pickup yakukhosi ikundisangalatsa, ndipo ikaphatikizidwa ndi yapakati ikupereka mawu omwe ndinkafuna. Yapa bridge ndi imene ikundisiya m'malere. Ikakhala yathunthu ikunenepa kuposa mmene nyimbo zathu zimafunira, ndipo ndikaigawa mawu akutsika mphamvu n'kuwonda, osafika pa kuthwa kumene ndinamva pa Squier masana. Ndayesa kuitsitsa pang'ono pomasula masikuluwu a m'mbali kuti italikirane ndi nsambo, ndipo zasinthako, ngakhale kuti sizinafike pondikhutiritsa.

A m'sitolo anavomera kuti ndikhoza kukasintha Loweruka lisanadutse ngati gitalayo ilibe chokanda chilichonse. Lachinayi tili ndi zokonzekera za kwaya, ndipo ndatumiza uthenga kwa achimwene amene amayang'anira zokuzira mawu kuti tidzayese ndi jenereta yomwe, komanso kuti aone za earth m'masoketi akutsogolo. Ngati single-coil yakukhosi idzakhale chete mokwanira pamenepo, ndiye kuti humbucker ndaigulira mantha okha, ndipo ulendo wa ku Limbe ubwerezedwa. Uthengawo sanayankhebe.